Mchere Wobisika M'kamba wa Ana Athu

Kale kuno kwathu ku Mulanje, kamba wa mwana wa sukulu anali mbatata yootcha, chinangwa chophika kapena chimanga chokazinga. Masiku ano zinthu zinasintha. M'magolosale a pa Chitakale ndi pa Limbuli muli mafiriji, ndipo m'mafirijimo mumapezeka poloni ndi soseji. Tinaonera kwa anzathu a m'tauni ndi abale athu obwera ku Joni kudula poloni n'kuika pakati pa buledi, ndipo kholo likatero limamva mumtima kuti lamusamala mwana. Chikondi chimenecho sitikuchinyoza ayi. Koma abale ndi alongo, tiyeni tikhale pansi tiwerengere limodzi mchere umene uli m'kamba ameneyu.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asamafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Mchere umenewu ndi wongodzadza kasupuni ka tiyi kamodzi, kosasefukira. Tikamati kasupuni kamodzi tikuphatikiza wonse: wa m'ndiwo za masana, wa m'ndiwo za madzulo, umene timanyunya ndi mango aawisi, ndiponso umene unathiridwa kale ku fakitale ife osaona. Mwana ayenera kudya wocheperapo kuposa pamenepa.

Chimene chimavuta mu mchere ndi sodiyamu. Sodiyamu akachuluka, thupi limasunga madzi ambiri, magazi amapanikiza mitsempha, ndipo mtima umagwira ntchito yakalavulagaga. Uku ndiye kuthamanga kwa magazi, kumene ambirife timangoti BP. Matendawa sagogoda pakhomo. Munthu amalima, amathyola tiyi, amapita ku msika bwinobwino, kenaka tsiku lina timangomva kuti wagwa, mbali imodzi yafa, pakamwa papotoka. M'chaka cha 2009, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi WHO unachita kafukufuku m'dziko muno ndipo unapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ochuluka mwa iwo sankalandira mankhwala alionse. Tonse tikudziwa nyumba ina m'mudzi mwathu imene mayi anasiya geni kuti azitembenuza ndi kusambitsa bambo wofa ziwalo.

Nanga poloni akulowapo bwanji? Nyama yaiwisi payokha ilibe mchere wambiri. Koma kuti nyama yogayidwa ikhale masabata osaonongeka, opanga amathiramo mchere wochuluka ndi mankhwala ena amene nawonso ali ndi sodiyamu, omwe amaipatsa mtundu wofiirira uja. Pa paketi amalemba mawu akuti Sodium ndi nambala pambali pake. Masamu ake ndi a ku pulayimale: nambalayo tiichulukitse ndi 2.5, ndipo tipeza mchere. Poloni wambiri amakhala ndi sodiyamu wa pafupifupi mamiligalamu 1,000 pa magalamu 100 alionse, kutanthauza magalamu awiri ndi theka a mchere. Tikadula mapisi atatu okhuthala, ndiye kuti tafika galamu imodzi ndi theka. Buledi nayenso ali ndi mchere wake, pafupifupi galamu imodzi m'masilayisi awiri, ndipo majarini amaonjezerapo. Mwana asanalowe m'kalasi wadya kale theka la mchere wa tsiku lonse wa munthu wamkulu, nsima asanaikhudze. Tionjezerepo kuti m'chaka cha 2015 akatswiri a matenda a khansa a bungwe la WHO anatsimikiza kuti nyama zokonzedwa motere zimaonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo kwa amene amazidya kawirikawiri.

Tsono tiike chiyani pa buledi? Apa ife a ku Mulanje tilibe chodandaula. Choyamba ndi peyala. M'nyengo yake mapeyala amagwa okha kuseri kwa nyumba, ena timagulitsa motchipa kwa mavenda opita nawo ku Limbe, ife n'kutenga ndalama yomweyo kukagula poloni. Kodi pamenepa wapindula ndani? Peyala lakupsa tikalinyenya ndi foloko, n'kufinyiramo ndimu pang'ono, limalowa m'malo mwa poloni ndi majarini yemwe, ndipo ndimuyo amathandiza kuti lisade msanga. Lilibe mchere woti n'kuwerenga. Lili ndi potaziyamu, amene amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi, monganso nthochi, nyemba ndi mbatata.

Mapeyala akatha, chiponde chilipo chaka chonse. Tikunena chiponde chosinja tokha mumtondo kuchokera ku mtedza wokazinga wopanda chuku, osathira mchere. Cha m'botolo nthawi zambiri amathiramo mchere ndi shuga. Chiponde ndi nthochi yodula mapisi pamwamba ndi kamba amene mwana sabwera naye kunyumba.

Dzira lowiritsa limodzi lili ndi mchere wosafika ndi kota ya galamu, koma limamanga thupi kuposa poloni. Tilidule pamodzi ndi tomato ndi anyezi. Nandolo wathu, amene timangomudziwa ngati ndiwo kapena mbewu yogulitsa, akapsa bwino tingamunyenye ndi adyo, tomato wokazinga ndi kambuzi pang'ono kwa akuluakulu, n'kupaka pa buledi. Ena aseka poyamba, koma alawe kaye. Nkhuku kapena nsomba yotsala madzulo nayonso ndi yabwino, bola tiitenthetse mokwanira m'mawa. Tikumbukire kuti zakudya izi zilibe mankhwala osungitsa, choncho kunja kukamatentha mwana azidye pa buleki, osati kusunga mpaka poweruka.

Pali misampha ingapo. Kusiya poloni n'kugula nyama ya m'chitini ndi kuthawa mvula n'kubisala mumtsinje, pakuti mchere wake ndi womwewo. Supu wa m'mapaketi ndi timibulu tokometsera ndiwo zili ndi mchere wochuluka kwambiri. Amene waika zimenezi asathirenso wina. Bakayawo amene timagula pa Muloza tizimuviika m'madzi n'kutaya madziwo tisanaphike. Ngakhale soda wa m'therere ndi m'chigumu ali ndi sodiyamu, ngakhale kuti sawawa pa lilime. Ndipo si lamulo kuti kamba akhale buledi. Mbatata ndi chinangwa za makolo athu zija zilibe mchere wa ku fakitale.

Wina afunsa kuti, "Kodi si inu nomwe munkatiuza kuti tizidya mchere wa ayodini kuti tipewe chithokomiro?" Zoona, ndipo sitikubweza mawuwo. Mchere wochepa umene tikugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini, wa m'paketi yolembedwa, wosungidwa m'chotsekera. Amene ali ndi matenda a impso afunse kaye kwa a chipatala asanachulutse mapeyala ndi nthochi, chifukwa potaziyamu wambiri sawayanja. Amene akumwa mankhwala a BP asawasiye chifukwa choti achepetsa mchere.

Chovuta chenicheni ndi lilime. Sabata yoyamba pakhomo padzakhala madandaulo akuti ndiwo zazizira, ndipo bambo adzaitanitsa kambale ka mchere. Tichepetse pang'onopang'ono, tikometse ndi ndimu, anyezi, adyo ndi nsinjiro, ndipo kambale kaja kasabwere pa mkeka. Pakatha masabata ochepa lilime limazolowera, mpaka poloni yemweyo amayamba kuwawa mchere. Tikapita ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, kaya taperekeza mwana ku sikelo, tipemphe kuti atiyeze BP, ndipo nambala zake atilembere m'buku lathu la chipatala kuti tidzafanizire ulendo wotsatira.