Sitenti kapena opaleshoni ya bypass: funsani musanasankhe

Bambo wina wogwira ntchito mumgodi ku Geita anafikira kwa m'bale wake kuno ku Mikocheni podikira kuonana ndi madokotala a mtima ku Jakaya Kikwete Cardiac Institute, ku Muhimbili. Anali atasankha kale. "Andiike sitenti basi, ndibwerere kuntchito msanga." Koma bamboyu anali ndi matenda a shuga, ndipo mitsempha yonse itatu inali itatsekeka.

Kodi vuto limakhala pati?

Mtima uli ndi mitsempha itatu ikuluikulu youpatsa magazi. Mafuta akaunjikana m'kati mwake, njira imachepa. Munthu amamva chifuwa kuthina akamakwera chitunda kapena kunyamula katundu.

Sitenti ndi kawaya kolukidwa ngati mono. Dokotala amakalowetsa kudzera pamkono kapena mphechepeche n'kukatsegula nako pamene patsekeka. Sang'amba chifuwa, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala patatha tsiku limodzi kapena awiri. Pa bypass amatsegula chifuwa, n'kutenga mtsempha wina m'chifuwa momwemo kapena kumwendo kuti magazi azilambalala potsekekapo. Fupa la pachifuwa limatenga milungu 6 mpaka 12 kuti ligwirane. Nthawi yonseyi fosholo ndi jekihama n'zoletsedwa.

Nanga chabwino n'chiti?

Ngati watsekeka mtsempha umodzi kapena iwiri, kawirikawiri sitenti imakwanira. Mtsempha ukatsekeka mwadzidzidzi, sitenti yoikidwa msanga imapulumutsa moyo.

Kwa odwala shuga nkhani ndi ina. Kafukufuku wotchedwa FREEDOM, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, anatsata odwala shuga 1,900 amene anali ndi mitsempha ingapo yotsekeka. Patatha zaka 5, mwa anthu 100 alionse oikidwa sitenti, pafupifupi 27 anali atamwalira, kudwala mtima mwadzidzidzi kapena kugwidwa sitiroko. Kwa ochitidwa bypass anali 19. Komabe bypass ili ndi kuipa kwake: sitiroko inagwira anthu 5 pa 100, pamene kwa a sitenti inagwira 2. Oikidwa sitenti ndiwonso amabwerera kawirikawiri kukatsegulitsanso mtsempha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi mapiritsi. Woikidwa sitenti amamwa aspirin ndi mankhwala ena monga clopidogrel tsiku lililonse kwa miyezi 6 mpaka 12. Mukasiya msanga, magazi angaundane m'sitentimo ndipo imfa ingabwere pomwepo. Kumgodi, kutali ndi chipatala, mapiritsi akatha mudzawapeza kuti? Muuzeni dokotala zimenezi asanakuikeni sitenti. Muuzeninso za ntchito yanu, chifukwa mankhwalawa amachititsa kuti bala lichedwe kusiya kukha magazi.

Mufunseni kuti mitsempha yatsekeka ingati, ndiponso ngati dokotala wa opaleshoni waona nawo zithunzi zanu. Potuluka m'chipatala pemphani kalata yoti kuntchito akupatseni ntchito yopepuka. Za fodya, kaya mwaikidwa sitenti kaya mwachitidwa bypass, n'zosiyiratu.