NAMWINO WA KU HENGA: NTCHITO YOLEMERA, ULEMU WOCHEPA

Chigwa cha Henga m'boma la Rumphi ndi dziko la fodya ndi chimanga, lothiriridwa ndi mtsinje wa Rukuru, ndipo anthu ake akadwala amayamba athamangira ku zipatala zazing'ono monga cha ku Mhuju ndi cha ku Mzokoto asanaganize za chipatala chachikulu cha pa Boma. M'zipatala zotere, kuno ndi kwina konse m'Malawi, munthu amene wodwala amamupeza pakhomo si dotolo ayi, koma namwino, ndipo kawirikawiri ndi namwino wa gulu lachiwiri.

Pakuti anamwino m'dziko muno ali m'magulu awiri. Alipo a maphunziro apamwamba, ochokera ku sukulu zaukachenjede monga ija inali Kamuzu College of Nursing, imene mu 2021 inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences. Alipo ndi ena ochuluka, amene kale ankatchedwa enrolled nurse ndipo tsopano amatchedwa Nurse Midwife Technician. Awa amaphunzira zaka zitatu, ambiri m'sukulu za mishoni monga ya ku Ekwendeni ndi ya St John's ku Mzuzu. Onse awiri amalembedwa m'kaundula wa bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1966. Koma wopita kumudzi, kumene nyumba n'zochepa ndipo galimoto imafika mwa apo ndi apo, nthawi zambiri ndi wachiwiriyu.

Anthu a ku Henga si alendo pa za chipatala. Dotolo Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku phiri la Khondowe mu 1894, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial chinamangidwa kumeneko m'zaka za 1910 ndi 1911. Kumeneko anyamata a dziko lino anaphunzira kutsuka zilonda ndi kupereka mankhwala, ndipo pobwerera kumidzi ankapatsidwa mpando pamodzi ndi mphunzitsi ndi mlaliki. Ulemu umenewo ndi umene anamwino a lero amati sauonanso.

Taganizirani usiku umodzi wa m'nyengo ya dzinja. Namwino amene wagwira ntchito kuyambira m'mawa, kubaya jakisoni, kuyeza amayi apakati ndi kulemba m'mabuku, wangogona pang'ono ndipo mlonda akugogoda: kwabwera mayi wobereka. Akali mkati, kwafika mwana wa malungo amene akukomoka. Magetsi athima, akuunikira ndi foni ya m'manja. Waitana ambulansi, koma ili kwina ndi wodwala wina. Kunja kukacha, mzere wa anthu wayamba kale pakhonde, ndipo palibe womulandira. Akale anati mutu umodzi susenza denga, koma m'zipatala zambiri za kumidzi denga lili pa mitu iwiri kapena itatu, ndipo mmodzi akapita ku maliro kapena ku msonkhano wa pa Boma, wotsalayo amasenza lonse.

Chipongwe chimamufika kuchokera mbali ziwiri. Pansi pali odikirira odwala, amene ayenda mtunda wautali ndi mantha mumtima. Akauzidwa kuti mankhwala atha, sakwiyira mosungiramo mankhwala ku Lilongwe kumene sanakuonepo. Amakwiyira amene waima pamaso pawo, ena mpaka kumunena kuti wagulitsa mankhwalawo. Wodwala akamwalira, dzina la namwino limayenda m'midzi yonse dzuwa lisanalowe. Ndipo ngati iye ndi wochokera kumwera, wosadziwa bwino Chitumbuka, ngakhale kulakwitsa malonje kumawerengedwa ngati kunyada.

Pamwamba pali za maudindo, ndipo izi n'zimene zimapweteka mwakachetechete. Namwino amene wabereketsa amayi mazanamazana yekha kumudzi, akafika ku chipatala chachikulu ndi wodwala wake, angathe kudzudzulidwa pamaso pa anthu ndi mwana wongotuluka kumene kusukulu chifukwa chakuti pepala la mwanayo n'lokwera. Ntchito akugwira ya mzamba, ya dotolo ndi ya wopereka mankhwala, koma pa malipiro ndi pa kukwezedwa amakumbutsidwa gulu lake. Akulu amene amabwera kudzayendera nthawi zina amatsegula mabuku ndi kuwerenga zolakwa, nakwera galimoto osafunsa kuti munthuyo anagona liti.

Kutopa kumene kumabwera ndi zimenezi si ulesi, ndipo kuli ndi dzina. Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalongosola kulema kwa pantchito ndi zizindikiro zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kutalikira ntchito kotero kuti munthu sasamalanso, ndi kudziona ngati wosatha kanthu. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018, wofunsa anthu 520 othandiza odwala HIV m'zipatala za m'Malawi, anapeza kuti 62 mwa 100 aliwonse anali ndi kulema kotere, ndiponso kuti olemawo ndiwo ankavomera kwambiri kuti sasamalira odwala monga kuyenera.

Apa mpamene pagona nkhani. Madandaulo a anthu akuti anamwino ena ndi amwano, amakalipira amayi m'chipinda choberekera, si bodza, ndipo palibe wanzeru amene angawaikire kumbuyo. Koma mwano wa namwino ndi kutopa kwake kawirikawiri ndi matenda amodzi. Wotopa amayankha mwaukali, woyankhidwayo amabwera mawa atakonzeka kale kukangana, ndipo namwino amaumitsanso mtima. Kulanga kokha sikuchiza zimenezi, monganso kuuza namwino kuti apirire chifukwa ntchito yake ndi maitanidwe sikumubwezera tulo.

Boma linaona kale kuopsa kwake. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri anachoka kupita ku Britain, pamene Edzi inali kudzaza zipatala ndi kutenganso ena mwa ogwira ntchito. Tsono mu 2004 Boma linakonza ndondomeko yapadera mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, ndipo kuyambira mu 2005 malipiro a ogwira ntchito zachipatala anawonjezedwa ndi 52 pa 100, sukulu za anamwino zinayambanso kutenga ophunzira ambiri. Chiwerengero chinakwera ndithu. Koma anthu nawonso achuluka, ndipo mavuto atsopano sanaleke kubwera. Mu April 2020, COVID-19 itangofika, anamwino ndi madotolo anaika zida pansi kufuna zodzitetezera, ndipo Boma linakweza ndalama ya chiopsezo imene inali K1,800 yokha pamwezi. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 ndipo inafikanso ku Rumphi, inagweranso pa mapewa omwewo.

Nanga namwino wa ku Henga agwire pati? Chida chapafupi ndi komiti ya chipatala, mmene mumakhala anthu a m'midzi yomweyo. Kumene komitiyi imaona ndi maso ake mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto, mphekesera zakuba zimachepa, ndipo mfumu ikalankhula pa maliro kapena ku tchalitchi kuti chipatala chili ndi anamwino awiri okha, mawu ake amamveka kuposa chikalata cha pakhoma. Kuyambira mu 2018 zipatala zinayamba kukhala ndi wolandira madandaulo, kotero wodwala wolakwiridwa ali ndi khomo logogoda m'malo motukwana pakhonde. Namwino wonyozedwa nayenso alembe zimene zachitika, tsiku ndi mboni, apereke kwa mkulu wa anamwino pa Boma, ndipo zikakanika apite ku bungwe lawo la NONM.

Kwina n'kwa thupi ndi mtima. Tchuthi cha pachaka ndi ufulu, osati mphatso, ngakhale ambiri amathera masiku opuma pa lokamu pofuna fizi ya ana. Amene tulo tamuthawa, kapena wayamba kudalira mowa kuti agone, angapeze aphungu ku St John of God ku Mzuzu, ndipo kupitako si manyazi kwa munthu amene amatumizako ena.

Iliponso njira yokwerera. Namwino wa gulu lachiwiri amene wagwira ntchito zaka zingapo angathe kubwerera kusukulu, monga ku Malawi College of Health Sciences, nakhala wa gulu loyamba. Malo ndi ochepa ndipo ofuna ndi ambiri. Komanso akapita, chipatala cha kumudzi chija chimatsala ndi namwino mmodzi kufikira Boma litatumiza wina.