Kukwera Phiri la Mulanje M'nyengo ya Chisanu

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo nandolo akuyamba maluwa m'minda ya kwa Nazombe, mapiri a Michesi ndi Mulanje amaoneka ngati asendera pafupi ndi midzi. Fumbi la chilimwe limakhala lisanabuke, utsi wa moto wolusa usanaphimbe mlengalenga, kotero kuti m'mawa munthu amatha kuona tanthwe lililonse ndi khwawa lililonse. Iyi ndiyo nyengo imene alendo ochokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku maiko akutali amabwera kudzakwera phiri la Mulanje. Koma ana obadwira m'tsinde mwa phirilo, amene amamwa madzi ake tsiku ndi tsiku, ambiri amamaliza sukulu asanagonepo pamwamba pake ngakhale usiku umodzi wokha.

Motero mphunzitsi amene aganiza zotengera ophunzira ake kuphiri, kapena anyamata ndi atsikana amene atsiriza mayeso a Folomu 4 ndipo akudikira zotsatira, aganiza chinthu chabwino ndithu. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti njira zimakhala zouma, mitsinje itaphwa, ndipo dzuwa silipweteka pokwera chitunda. Chofunika kuchidziwa asananyamuke nchakuti chisanu cha pamwamba paja nchosiyana kutalitali ndi chisanu chimene anachizolowera kumudzi.

Chifukwa chake aphunzitsi a jogalafe amachidziwa bwino. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Chigwa cha Phalombe chili pa mamita pafupifupi 700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene madambo a pamwamba pa phiri, kumene kuli nyumba zogona alendo, ali pa mamita pafupifupi 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Tsono usiku umene munthu wa pa Chiringa akuwotha moto nkumadandaula kuti kwazizira, pamwamba paja madzi amene anatsala m'mbale angathe kuuma gwa, ndipo udzu umadzuka utayera ngati wawazidwa ufa woyera.

Ophunzira amakonda kufunsa ngati pa Mulanje pamagwa chipale chofewa chonga chimene amachiona m'mabuku, anthu akutsetsereka pa timatabwa tomangirira kumapazi. Yankho nlakuti masewera amenewo m'dziko muno mulibe. Kufupi kumene amachitikira ndi ku Lesotho, pa malo otchedwa Afriski m'mapiri a Maloti, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Malowo ali pa mamita opitirira pang'ono 3,000, monga momwe ilili Sapitwa, koma Lesotho ali kutali kummwera kumene dzuwa limafooka kwambiri nyengo ino, ndipo ngakhale kumeneko chipale china amachita kupanga ndi makina. Mulanje alibe chipale chotero, koma ali ndi mphepo ndi nkhungu yonyowetsa zovala, ndipo ziwirizi zikaphatikizana zimapha munthu mosavuta.

Anthu a kwa Nazombe ali ndi mwayi woti khomo lawo lolowera kuphiri lili pafupi. Pakati pa Michesi ndi Mulanje pali mpata umene msewu wochokera pa Phalombe kupita kwa Nkhulambe umadutsa, ndipo pampatapo pali mabwinja a linga la Fort Lister, limene Angerezi anamanga m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo amene ankadzera pomwepo popita kunyanja yamchere. Mphunzitsi wa mbiri yakale asadutse pamenepa mothamanga, pakuti phunziro limene amavutika kulifotokoza pabolodi lili poyera. Kuchokera pa Fort Lister njira imakwera kukafika ku nyumba ya Sombani, ulendo wa maola atatu kwa munthu woyenda bwino, koma gulu la ana asukulu liwerengere maola anayi kapena asanu. Amphamvu angathe kukwera nsonga ya Namasile, yoposa mamita 2,600, m'mawa mwake, kapena kupitirira ku nyumba za Chinzama ndi Madzeka. Pa ulendo woyamba, Sombani yekha ngwokwanira. Mtima wofuna kukafika pa Sapitwa uyambe waikidwa pambali, pakuti kuchokera mbali ino ndi ulendo wa masiku angapo.

Nyumba zimenezi zili m'manja mwa Dipatimenti ya za Nkhalango, ndipo iliyonse ili ndi mlonda wake amene amathandiza alendo ndi nkhuni ndi madzi. Nzazing'ono, kotero kuti gulu lalikulu liyenera kudziwitsa akuluakulu a zankhalango nthawi ikadalipo ndi kufunsiratu malipiro ake. Kufika ndi ana makumi atatu madzulo, nkupeza m'nyumbamo muli kale alendo ena, ndi tsoka lochita kuliputa dala. Bwino kugawa ophunzira m'timagulu ta anthu khumi, gulu lililonse ndi sabata lake.

Mdani wamkulu wa wapaulendo nyengo ino ndi chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepo yake imachokera. Mpweya wachinyezi wochokera ku nyanja ya India ukawomba phiri la Mulanje umakakamizika kukwera, nuzizira, nusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa imene ingathe kukhala masiku awiri, atatu, ngakhale sabata yathunthu. Kumudzi chiperoni chimangolepheretsa kuyanika makaka ndi kuchapa zovala. Pamwamba pa phiri chimafika mwadzidzidzi, kunja kutacha bwinobwino, ndipo pakangopita kanthawi munthu satha kuona mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo pake. Miyala imene inali youma imaterera ngati sopo, ndipo timitsinje timene anawoloka m'mawa podumpha timadzaza.

Zimenezi zinaoneka m'mwezi wa Meyi chaka cha 1949, pamene mlembi Laurens van der Post anatumidwa ndi boma la Britain kudzayendera phirili. Iye anatsagana ndi Fred France, mkulu wa zankhalango amene ankakhala pa Chambe ndipo phirilo ankalidziwa. Chiperoni chinawapeza ali pakati pa ulendo, mvula inagwa osalekeza, ndipo poyesa kuwoloka mtsinje wa Ruo utasefukira, France anakokoloka ndi madzi nafera pomwepo. Nkhaniyi inalembedwa m'buku lotchedwa Venture to the Interior, ndipo kanyumba kena pa Chambe kamadziwika ndi dzina la France mpaka lero. Patapita zaka makumi asanu ndi limodzi, mu Julayi 2009, mnyamata wina wa ku Brazil, wophunzira kwambiri ndiponso woyenda maiko ambiri, anabweza womulondolera njira nakwera yekha kupita pa Sapitwa atavala zovala zopepuka. Nyengo inasintha, iye anasokera, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. Chinamupha ndi chisanu.

Choncho lamulo loyamba nlakuti chiperoni chikayamba gulu lisananyamuke, ulendo ulephereke, ngakhale ana atalira bwanji ndiponso ngakhale kamba ataphikidwa kale. Chikawapeza ali m'nyumba ya pamwamba, akhale momwemo kufikira kutayera. Nchifukwa chake ufa ndi ndiwo ziyenera kukhala zopitirira ndi tsiku limodzi pa masiku amene akonza, ndipo makolo ndi mphunzitsi wamkulu auzidwiretu kuti kuchedwa ndi tsiku limodzi sikutanthauza ngozi. Mphunzitsi amene walonjeza makolo kuti zivute zitani ana afika Lamulungu madzulo wadzimanga yekha, pakuti adzakakamizika kutsika mu nkhungu pofuna kusunga lonjezo.

Kunena za zovala, palibe chifukwa chogulira zamtengo wapatali. Zovala zopepuka zitatu kapena zinayi zovala mophatikiza zimasunga kutentha kuposa chijasi chimodzi cholemera, ndipo munthu angathe kuvula china pokwera thukuta likayamba. Juzi yaubweya ya pa kaunjika imafunda ngakhale itanyowa, pamene malaya athonje ndi jinzi zikanyowa zimamata pathupi ndi kuyamwa kutentha konse. Aliyense akhale ndi chipewa chofunda, masokosi awiri, bulangete lochindikala, ndi pepala lalikulu lapulasitiki lodziphimba nalo mvula ikayamba. Zovala zogonera azikulunge m'jumbo ndipo asazivale masana. Patapata ndi nsapato zosalala kunsi zitsale kunyumba. Atsikana aloledwe kuvala buluku kapena chovala china chofunda mkati mwa chitenje, pakuti miyendo yapoyera siipirira mphepo ya pa Sombani.

Kamba wabwino ali kale m'midzi ya kwa Nazombe: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chigumu, chimanga chokazinga, nthochi, matemba ouma, masamba a tiyi ndi shuga wambiri. Thupi lanjala limazizidwa msanga, motero nkwabwino kudya pang'onopang'ono m'njira monse kusiyana ndi kudikira nsima ya madzulo. Machesi asungidwe m'kabotolo kotseka bwino, ndipo tochi isadalire foni, chifukwa batire limatha msanga kukazizira ndipo malo ambiri pamwamba paja foni siigwira. M'miyezi imeneyi dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Gulu linyamuke m'mamawa kuti likafike ku nyumba 3 koloko isanapitirire.

Mphunzitsi aziyang'anitsitsa mwana amene wayamba kutsalira m'mbuyo. Munthu wolowedwa chisanu amayamba ndi kunjenjemera, kenaka amapunthwa pafupipafupi, lilime limalemera, amayankha zosagwirizana ndi funso, ndipo amapempha kuti amusiye agone pang'ono. Anzake amayesa ulesi kapena matama, nkumamuseka. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, zinthu zafika poipa. Wotereyu amubise ku mphepo, amuvule zonyowa, amufunditse zouma pamodzi ndi mnzake wathupi lofunda, ndipo ngati akutha kumeza amumwetse tiyi wotentha wa shuga. Kachasu asayandikire, pakuti amanamiza munthu kuti wafundidwa pamene kutentha kukutuluka m'thupi.

Za wolondolera njira, achinyamata a m'tsinde mwa phiri ndiwo amavuta kwambiri kuwauza. Amati phiri nlakwawo, anakulira kutola nkhuni m'mphepete mwake, nanga alipirirenji munthu wowasonyeza njira? Koma kudziwa m'tsinde si kudziwa pamwamba, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Kuwonjezera apo, namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anasakaza kwambiri dera la Nkhulambe, anagumula mapiri ndi kusintha makwawa, monga momwe napolo wa mu Malichi 1991 anachitira ku Michesi. Njira imene mbale wina anadzera zaka zisanu zapitazo mwina lero yathera paphompho. Olondolera njira ovomerezeka amayenda m'phirimo kawirikawiri, amaidziwa mitambo ya chiperoni isanafike, ndiponso amadziwa malo amene makolo amawalemekeza. Nkhani za mizimu ya m'phiri, zakuti munthu akapeza chakudya chokonzedwa kale adye yekha osaitana mnzake, ena amazikhulupirira ndipo ena amaziseka, koma ulemu umene anthu a kuno amapereka ku phirili ndi umene unachititsa bungwe la UNESCO kuliika m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2025. Wotsiriza sukulu amene amalankhula bwino Chingerezi aonepo mwayi pamenepa, pakuti ntchito yolondolera alendo imafuna munthu wodziwa njira, mbiri ya Fort Lister, maina a mbalame ndi a mitengo.

Mtengo umene ophunzira adzafune kuuona ndi mkungudza wa Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi m'chaka cha 1984. Adzapeza zitsa zambiri kuposa mitengo. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse, ndipo timitengo timene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akubzala tikadali tating'ono. Moto umodzi wosiyidwa ndi alendo mu Ogasiti, udzu utauma, ungathe kupsereza ntchito ya zaka khumi. Moto ukolezedwe pa malo ake m'nyumba basi.

Amene sangathe kugona pamwamba angathe kukaonerera mpikisano wa Porters' Race, umene umachitika mu Julayi kuyambira pa Likhubula, mbali ina ya phiri. Othamanga amakwera kupita ku Chambe, nadutsa ku Lichenya, natsikiranso pa Likhubula, mtunda woposa makilomita 20, ndipo opambana amaumaliza m'maola osakwana atatu, pamene mlendo wamba amauyenda masiku awiri. Mpikisanowu unayamba ngati wa onyamula katundu wa alendo okha, koma tsopano amalowa aliyense, amuna ndi akazi. Malo ogona pa Likhubula, pa Chitakale ndi pa boma la Mulanje amadzaza sabata imeneyo, kotero wochokera ku Phalombe alawire m'bandakucha nkubwerera tsiku lomwelo, kapena apezeretu malo kwa achibale.

Chimodzimodzinso amene apita ku Blantyre pa zikondwerero za pa 6 Julayi kapena kukafunafuna malo a maphunziro. Mahotela akuluakulu monga Ryalls ndi Mount Soche si a thumba la wotsiriza sukulu, ndipo m'nyumba zogona alendo zotsika mtengo za ku Limbe ndi ku Wenela bulangete limakhala limodzi, lopyapyala. Limbe ndi wokwera kuposa Phalombe ndipo chiperoni chimamukonda, choncho wapaulendo atenge chofunda chake. Chinthu choopsa nkulowetsa mbaula ya makala m'chipinda nkutseka chitseko ndi mazenera. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato, ndipo nyengo yachisanu imfa zotere zimamveka m'matauni ndi m'midzi momwe. Mbaula ithere panja, munthu asanagone.