CIPINDA COSUNGILAMO CIMANGA: LENDI YA MWEZI NDI MWEZI KAPENA YA NYENGO YONSE?

Kukolola kukangotha, mtengo wa cimanga umakhala pansi, cifukwa aliyense ali naco ndipo aliyense afuna ndalama. Alimi ambili a ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi ndi madela ena a Cigawo ca Kum'mawa anaziona kale zimenezi, ndipo safunanso kugulitsa zonse mu Juni. Vuto ndi posungila. Nkhokwe zapabwalo zimene makolo athu anali kudalila zikucepa cifukwa ca akuba ndi anankafumbwe, ndipo matumba 60 kapena 100 sangakwane m'nyumba mmene mugona ana. Motelo ena amacita lendi cipinda ku boma, sitolo yotsekedwa pamsika, kapena mbali ya shedi ya munthu wamalonda.

Mwini cipinda amachula mitengo iwili. Wina ndi wa mwezi ndi mwezi, umene umakhala wokwela. Wina ndi wotsikilako, koma mulipililatu miyezi isanu ndi umodzi, isanu ndi itatu, kapena caka cathunthu. Anthu ambili amathamangila mtengo wotsikawo. Langizo langa n'lakuti musayambe ndi kuyang'ana mtengo. Yambani ndi mafunso awili: ndalama za cimanga cimeneci mudzazifuna mwezi uti, ndipo kodi cimangaco ndi cipindaco zingapilile mpaka mwezi umenewo?

MVULA YOYAMBA NDIYO MALILE

Kuno kwathu kusiyana kwa lendi yaifupi ndi yaitali kuli pa mvula. Kucokela mu Juni mpaka Okutobala kunja n'kouma, ndipo pafupifupi cipinda ciliconse cokhala ndi citseko colimba cingasunge mbewu. Mvula ikayamba mu Novembala zinthu zimasintha. Malata amene anali kuoneka abwino amayamba kudontha pamisomali, cinyontho cimakwela kucokela pansi, ciswe cimatuluka, ndipo kutentha pamodzi ndi cinyezi zimaculukitsa tizilombo. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Cipinda cimene mwaciona mu Julayi simunacidziwebe.

Conco amene afuna kusunga mpaka Januwale kapena Febuluwale ayenela kufufuza mozama asanapeleke ndalama. Lowani m'cipindamo masana, tsekani citseko, yang'anani kumwamba: pamene palowa kuwala, padzalowanso madzi. Onani ngati m'makoma muli mizele ya madzi a caka catha. Funsani oyandikana nawo ngati madzi amasefukila pakhomopo mvula ikakula. Funsaninso zimene zinali kusungidwamo kale. Cipinda cimene munali cimanga cofumbwa cili ndi tizilombo m'ming'alu, ndipo cimene munali feteleza, mafuta a galimoto kapena mankhwala a thonje si malo a cakudya.

TIWELENGE PAMODZI

Tiyelekeze kuti muli ndi matumba 60, ndipo mwini cipinda wanena kuti K600 pamwezi, kapena K450 pamwezi mukalipililatu miyezi 8. Manambala awa ndi citsanzo cabe. Inu muikepo a kwanu. Lendi yaitaliyo ndi K3,600 yonse pamodzi, kutanthauza K60 pa thumba lililonse. Ya mwezi ndi mwezi, mukasunga miyezi itatu, ndi K1,800, kapena kuti K30 pa thumba.

Tsopano gawani K3,600 ndi K600. Yankho ndi 6. Ndiye kuti lendi yaitali iyamba kukupindulilani pokhapo mukapitilila miyezi 6. Mukatulutsa cimanga mwezi wacinayi cifukwa kunyumba kwagwa matenda kapena malilo, mwataya K1,200, pakuti eni zipinda ambili sabweza ndalama zimene analandila kale. Mtengo wotsika uja wasanduka wokwela.

Pa lendi muwonjezepo zina: ngolo kapena galimoto yonyamula popita, onyamula matumba, mankhwala kapena matumba apadela, maloko, ndi ndalama za basi zopitila kukayendela katundu wanu. Muwelengelenso kuti thumba limodzi kapena awili angaonongeke. Zonsezi muzigawe ndi ciwelengelo ca matumba. Ngati zafika K90 pa thumba, ndiye kuti mtengo wa cimanga uyenela kukwela kupitilila K90 kuti kusungako kukhale ndi phindu. Ukakwela ndi K50 cabe, amene anagulitsa mu Juni wakuposani.

MTENGO SUKWELA CAKA CILICONSE

Pali cikhulupililo cakuti cimanga cimadula nthawi zonse mu Januwale ndi Febuluwale. Zaka zambili zimatelo, koma osati zonse. Mu 2016 bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la makilogalamu 50 pa K85. Mu 2017 dziko linakolola matani opitilila 3.6 miliyoni, ndipo mtengo wa FRA unatsika kufika pa K60. Cimanga cinali ponseponse, ndipo amene anasunga caka cimeneco sanapeze mtengo umene anali kuyembekezela.

Zinali zosiyana ndi cimanga ca mu 2023, pamene FRA inagula pa K280. Mvula ya nyengo yotsatila inadula pakati, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Zokolola za 2024 zinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni. Amene anali ndi matumba m'cipinda nthawi imeneyo anagulitsa pamtengo wabwino, ndipo koposa apo anadyetsa mabanja awo osagula ufa wodula. Kenaka mu 2025 zokolola zinabwelelanso kupitilila matani 3.6 miliyoni, FRA n'kuika mtengo wa K340.

Phunzilo lake n'lakuti caka ca zokolola zoculuka m'dziko lonse, lendi yaitali ili ndi ciopsezo cacikulu. Mvelani pa wailesi ciwelengelo ca zokolola cimene boma limalengeza ca m'ma Meyi, ndipo mvelaninso ngati boma lalola kapena laletsa kugulitsa cimanga kunja kwa dziko. Malile akatsekedwa, cimanga cimadzaza m'dziko ndipo mtengo sukwela msanga.

LENDI YAIFUPI IYENELA NDANI?

Iyenela munthu amene akuyembekezela cinthu ca pafupi: depoti ya FRA itsegulidwe, galimoto ipezeke, kapena wogula amene mwapangana naye afike. Iyenelanso amene adziwa kuti mu Okutobala kapena Novembala adzafuna ndalama za mbewu, feteleza ndi aganyu. Palibe nzelu kusunga cimanga mpaka Febuluwale pamene munda wa caka cino wacedwa kubzalidwa cifukwa cosowa ndalama. Cimodzimodzi amene ali ndi ngongole yokhala ndi ciwongoladzanja: mwezi uliwonse umene cimanga cili m'cipinda, ngongole ija ikukula.

Kumbukilaninso sukulu. Kuyambila mu 2022 maphunzilo m'masukulu a boma ndi aulele, koma yunifomu, nsapato, mabuku ndi ndalama zogonela kusukulu zikali pa makolo, ndipo zimafunika mu Sepitembala ndi mu Januwale. Lembani miyezi imeneyi papepala musanapangane ndi mwini cipinda.

Kuipa kwa lendi ya mwezi ndi mwezi n'kwakuti mwini cipinda angakweze mtengo nthawi iliyonse, kapena kukuuzani kuti mutuluke cifukwa wapeza wina wolipila zambili. Kusamutsa matumba 60 mvula ili mkati si nchito yamasewela.

NANGA YAITALI?

Iyenela munthu amene wapatula kale cakudya ca banja, ali ndi kwina kopezela ndalama monga soya, nshawa, mpendadzuwa kapena dimba, ndipo cimanga cake n'couma bwino. Imathandizanso a m'midzi imene miseu yake imaduka m'dzinja. Cimanga cimene cili kale pafupi ndi mseu wa tala cingagulitsidwe tsiku limene mtengo wakwela, pamene cakumudzi ciyembekezela matope aume.

Koma kusunga nthawi yaitali kumafuna cisamalo. Cimanga ciyenela kuuma kufika pa cinyontho ca 12.5 pelesenti, mlingo umene a FRA amafuna. Ngati mulibe kamakina kopimila, tengani botolo louma, ikanimo mcele wouma ndi cimanga pang'ono, tsekani ndi kukhuchumula. Mcele ukamamatila m'mbali mwa botolo, cimangaco cikali ndi madzi, cibwezeleni padzuwa. Cimanga conyowa cimacita cuku, ndipo cuku cina cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin amene sakutha ngakhale muphike. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga ca poizoni ameneyu. Munthu nayenso amamuononga ciwindi.

Matumba asakhudze simenti. Yalani mitengo pansi, siyani mpata pakati pa matumba ndi khoma woti munthu n'kudutsa, ndipo musaunjike mpaka kumalata. Mankhwala a ufa monga Actellic muwathile motsatila zimene zalembedwa pa paketi, podziwa kuti mphamvu yake imacepa pakapita miyezi. Nankafumbwe wamkulu, amene alangizi amamucha larger grain borer, amaboola ngakhale mitengo ndipo amasandutsa cimanga ufa. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS okhala ndi mapulasitiki awili mkati, amapha tizilombo popanda mankhwala, koma khoswe akangoboola, nchito yake yatha. Yendelani cipinda canu milungu iwili iliyonse. Katundu amene mwini wake saoneka ndiye amayamba kusowa.

Amene ali ndi matani ambili afunse kwa alangizi za mashedi ovomelezeka amene amapeleka lisiti la mbewu. Lamulo la Agricultural Credits Act la mu 2010 ndilo linatsegula njila imeneyi, ndipo mu 2014 bungwe la ZAMACE linapatsidwa udindo wovomeleza mashediwo. Kumeneko mbewu imapimidwa, imalembedwa, ndipo wosunga ndiye amayankha ikaonongeka.

LEMBANI PAPEPALA

Mikangano yambili ya lendi imayamba cifukwa anthu anapangana pakamwa cabe, poti amadziwana kapena amapemphela pamodzi. Kulemba sikutanthauza kuti mukumukayikila mnzanu. Kumateteza ubale wanu tsiku limene mudzakumbukila zosiyana. Pepalalo linene mtengo, tsiku loyamba ndi lomaliza, ciwelengelo ca matumba, amene asunga kiyi, amene adzakonza denga likadontha, ndi masiku amene wina ayenela kudziwitsa mnzake asanathetse pangano. Linenenso zimene zidzacitika mukacedwa kulipila, pakuti eni zipinda ena amagwila katundu. Pakhale mboni ziwili, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti kapena uthenga wa pafoni. Loko akhale wanu.

Ngati mwasonkhana anthu angapo a m'kopaletivu kapena a mumpingo kuti mugawane cipinda cimodzi, thumba lililonse lilembedwe dzina, pakhale buku lolembamo zolowa ndi zotuluka, ndipo maloko akhale awili, makiyi kwa anthu awili osiyana. Gwilizananinso ciyambi kuti wina akatulutsa cimanga cake msanga, gawo lake la lendi adzalipila ndani.

NJILA YAPAKATI

Sikuti muyenela kusankha imodzi mwa njila ziwilizi basi. Gawani zokolola patatu. Gawo loyamba ndi cakudya ca banja mpaka Epulo. Limeneli likhale kunyumba ndipo lisakhudzidwe. Laciwili ndi logulitsa mvula isanagwe kuti mupeze zolimila. Lacitatu, ngati lilipo, ndilo loyembekezela mtengo wa m'dzinja.

Kenaka pemphani mwini cipinda kuti mulipile miyezi itatu kapena inayi, ndipo mulembe kuti muli ndi ufulu wopitiliza pamtengo womwewo mukafuna. Pofika kumapeto kwa Okutobala mudzakhala mutaona mmene mtengo ukuyendela, mutamva zimene a zanyengo anena za mvula, ndiponso mutadziwa khalidwe la mwini cipinda. Ena adzakana, koma ambili amavomela cifukwa cipinda copanda munthu sicibweletsa ndalama. Akakana, bwelelani ku masamu aja: gawani ndalama zonse za lendi yaitali ndi mtengo wa mwezi umodzi, muone miyezi imene ituluka. Ngati simungalonjeze kuti cimanga canu cidzakhala m'cipindamo kupitilila miyezi imeneyo, lipilani mwezi ndi mwezi.