MANKHWALA A MALUNGO NDI MA ARV AKAKOMANA M'CIWINDI

Mvula ikayamba m'dziko la Mfumu Mphamba, m'boma la Lundazi, madzi amadikha m'madambo, udzudzu nuswana, ndipo kuyambira December kufikira April malungo sasowa pamudzi. Nyengo yomweyo ndiyo imene anthu ogwira nchito ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Lusaka amatenga chuti kudzaona makolo ndi minda. Ena a iwo amafika ndi botolo la ma ARV m'cikwama, pakuti Boma linayamba kugawa mankhwalawa kwaulere m'caka ca 2005. Munthu wokhala ndi kacirombo ka HIV malungo amamgwira msanga, namgwetsa kolimba. Tsono akapita ku cipatala nalandira mankhwala a malungo, mitundu iwiri ya mankhwala ikomana m'thupi limodzi, ndipo si nthawi zonse imene igwirizana.

Chloroquine atatha mphamvu, Zambia anasankha Coartem m'caka ca 2002. M'mbulu uliwonse wa Coartem muli mankhwala awiri. Woyamba, artemether, apha tizirombo tambiri mwamsanga, koma sakhalitsa m'magazi. Waciwiri, lumefantrine, atsalira masiku angapo, nayenda pambuyo ngati wokunkha m'munda mokolola kale, kutola tizirombo timene tinapulumuka. Munthu wamkulu amwa mibulu 4, nabwerezanso patapita maora 8, ndipo pambuyo pace m'mawa ndi madzulo kufikira mibulu 24 itatha m'masiku 3. Lumefantrine salowa bwino m'magazi popanda mafuta. Cifukwa cace wodwala ayenera kumwera mkaka, kapena kudya ndiwo zotendera nsawa, zimene ku Lundazi sizisowa.

Mankhwala ambiri amene munthu amwa apita ku ciwindi, ndipo ciwindico cigwira nchito yonga ya cigayo: ciwaphwanya pang'ono pang'ono kuti aturuke m'thupi. Muyeso wa mibulu 24 unawerengedwa poganizira cigayo coyenda mwa masiku onse. Koma alipo mankhwala ena ofulumizitsa cigayoco, ndi enanso ocicedwetsa.

Wofulumizitsa wodziwika ndiye efavirenz, amene kwa zaka zambiri anali m'mbulu wa ma ARV womwa usiku. M'caka ca 2012 madotolo a ku Uganda anapima magazi a anthu akumwa efavirenz, napeza kuti lumefantrine anacepa kuposa theka, ndipo artemether anacepa koposa pamenepo. Wodwala wotere amwadi mibulu yonse, thupi lizizira, iye nayesa kuti wacira; koma wokunkha uja wacoka m'munda nchito isanathe, ndipo patapita masabata awiri kapena atatu, mwina atabwerera kale ku mgodi, malungo abukanso. Pambuyo pace, ku Uganda komweko, anayesa kupatsa ana akumwa efavirenz Coartem wa masiku 5 m'malo mwa 3, ndipo mankhwala anakwanira m'magazi monga mwa ana ena. Komatu kutalikitsa masiku ndi nkhani ya dotolo, si ya munthu wogula mibulu pa sitolo.

Lopinavir ndi ritonavir, amene apatsidwa kwa ana ena ndi kwa akulu amene mankhwala oyamba anawakana, acita zosiyana: acedwetsa ciwindi, kotero kuti lumefantrine akhalitsa m'magazi. Ana a ku Tororo, ku Uganda, akumwa mankhwalawa, malungo sanawabwerere kawiri kawiri monga anzao. Koma lumefantrine akacuruka akhoza kusokoneza kugunda kwa mtima, ndipo munthu wotere asayese konse kuonjeza mibulu.

Kuyambira 2018 anthu ambiri a m'Zambia anasinthidwa kupita ku mbulu wochedwa TLD, m'mene muli dolutegravir. Ameneyu alibe ndeu ndi Coartem, ndipo muyeso ukhala womwewo wa masiku 3. Icitu ndi cinthu cokondweretsa, koma sicinathetse mlandu wonse, makamaka kwa anthu a ku migodi, kumene pfumbi ndi cifuwa cacikulu ziyendera pamodzi. Rifampicin, mankhwala a cifuwa cacikulu, afulumizitsa ciwindi kuposa efavirenz yemwe. Acepetsa Coartem kwambiri, nacepetsanso dolutegravir, kotero kuti wodwala cifuwa apatsidwa dolutegravir kawiri pa tsiku, si kamodzi ai.

Kwa akazi apakati nkhani iri yina. Ku sikelo amapatsidwa Fansidar wocinjiriza malungo, koma mai amene akumwa kale Septrin tsiku ndi tsiku cifukwa ca HIV sayenera kulandira Fansidar, pakuti awiriwa ndi apacibale, ndipo pamodzi akhoza kuononga khungu ndi magazi. Septrin yekhayo amcinjiriza kale ku malungo.

Cobvuta ceni ceni ciri pa manyazi. Munthu amene ku tauni amatenga mankhwala ace mosabisa, akafika kumudzi aopa kuti wa pa cipatala angakhale mwana wa mnansi, ndipo akafunsidwa ngati akumwa mankhwala ena, ayankha kuti iai. Pamenepo wa cipatala awerenga muyeso wa cigayo cimene sacidziwa. Enanso aleka ma ARV masiku atatu, kunena kuti apatse mpata mankhwala a malungo. Kumeneku ndi kutaya pawiri: ciwindi cimene efavirenz kapena rifampicin anacifulumizitsa sicibwerera m'malo mwace kufikira patapita masabata, ndipo pa masiku omwewo kacirombo ka HIV kapeza danga lakuswana ndi kuzolowera mankhwala. Maina a mankhwalawa ndi obvuta kuchula, ndipo palibe amene afuna kuti wodwala awaloweze pamtima. Onse analembedwa pa botolo ndi pa khadi, ndipo botololo likaikidwa pa tebulo la ku cipatala ca Lundazi, wopereka mankhwala awerenga yekha.