ZINKI: MANKHWALA OIWALIKA A ANA OTSEGULA M'MIMBA

Mvula ikayamba kugwa mu Lusaka, mzere wa azimai obereka ana pa kiliniki ya Mtendere umatalika. Zimbudzi zokumba zimasefukira, madzi amaipa, ndipo ana amatsegula m'mimba. Mai ali yense m'komboni adziwa Madzi a Moyo. Koma mapilisi a zinki, amene ayenera kuyendera limodzi ndi madziwo, mbiri yao siinafike patali.

Zinki ndi mcere umene thupi limaupeza m'nyama, nsomba, nyemba ndi nshawa. Mu nsima ya ufa woyera ndi wocepa ndithu, ndipo mwana akatsegula, wocepawo umatayika. M'caka ca 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti mwana wotsegula azipatsidwa mamiligalamu 20 a zinki tsiku liri lonse kwa masiku 10 kufikira 14, koma khanda losakwana miyezi 6 lilandire theka lace. Zinki imafupikitsa nthendayi, nicinjiriza mwana kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Nanga inatsalira bwanji? Anamwino ambiri anatsiriza maphunziro ao langizoli lisanabwere. Makolo naonso amakhulupirira nyeleti ndi Flagyl, ngakhale kuti kutsegula kwa ana nthawi zambiri kumadza ndi kacirombo kamene mankhwala otere saupha. Kapilisi kotsika mtengo, kochedwa "coonjezera pa cakudya", sikaoneka ngati mankhwala eni-eni, ndipo wogulitsa sapezapo phindu lalikulu. Cobvuta cina ciri pa nyumba: mwana akayamba kusewera pa tsiku lacitatu, mapilisi otsala amaikidwa m'kabati. Ana ena amasanza akamwa, mai nkuleka.

Panalinso vuto lakuti zinki ndi Madzi a Moyo zinali kufika padera-padera. Cimodzi cikapezeka, cinzace catha. M'caka ca 2012 bungwe la ColaLife linayesa kuziika m'phukusi limodzi, lochedwa Kit Yamoyo, m'maboma a Katete ndi Kalomo. Ana olandira zonse ziwiri anakwera kucokera pa osakwana mmodzi mwa 100 kufika pa 45 mwa 100. Phukusilo linapangidwa ndi kampani ya Pharmanova muno mu Lusaka, ndipo mu 2019 a WHO anaika phukusi lotere pa mndandanda wa mankhwala ofunika pa dziko lonse.

Mai wa ku Mtendere akalandira Madzi a Moyo okha, ali ndi ufulu wofunsa kuti zinki iri kuti. Kapilisiko kamasungunuka m'supuni ya madzi owiritsa kapena ya mkaka wa m'mawere.