Ndalama za Miseu: Timange Yatsopano Kapena Tisamale Yakale?

Caka ciri conse pamene akulu-akulu a Boma agawa cuma ca dziko, pamakhala funso limene silikusowa pa nkhani ya mtengatenga: pa ndalama zocepa zimene ziripo, ndi zingati zipite ku miseu yatsopano, ndipo ndi zingati zitsalire kusamalira imene tiri nayo kale? Miseu yofunika kwambiri m'Zambia ndi yotalika makilomita oposa 40,000, ndipo yambiri ya iyo iribe phula.

Njira yopezera ndalama zosamalira miseu inakonzedwa kale. M'caka ca 1993 Boma linaika msonkho pa mafuta a galimoto. Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Road Development Agency loyang'anira nchito ya miseu, ndi la National Road Fund Agency losunga thumba la ndalamazo. Mu 2013 kunayambanso msonkho wa pamseu, umene lero ulipiridwa pa zipata. Colinga cinali comveka: woyenda pa mseu alipire, ndipo colipiraco cibwerere ku mseu.

Koma mu 2012 malemu Mtsogoleri Michael Sata anatsegula nchito ya Link Zambia 8000, yofuna kulumikiza zigawo zonse ndi miseu ya phula. Anthu anakondwera, ndipo kunali koyenera, pakuti maboma ena anali asanaonepo phula cilandirire ufulu. Bvuto linali lakuti mapangano anasainidwa ambiri koposa ndalama. Akontrakitala ena anacoka nchito iri pakati cifukwa ca kusalipidwa, ngongole zinaunjikana, ndipo zina mwa ndalama zosamalira miseu zinayamba kubweza ngongolezo. Mu Novembala 2020 dziko linalephera kulipira ngongole yace yakunja pa nthawi yace.

Owerenga athu adziwe kuti mdani wamkulu wa mseu ndi madzi. Ngalande ikatsekeka ndi udzu ndi mcenga, madzi aima m'mphepete nalowa pansi pa phula kupyolera m'ming'alu. Dothi la pansi likafewa, lole yolemera mopyola muyeso ikapondapo, phula limabooka. Kadzenje kamene anthu awiri akadatseka tsiku limodzi mu Okutobala kamakhala citakula ngati thamanda pofika Malici. Kusenga udzu, kufukula ngalande ndi kumata ming'alu ndi nchito yochipa, koma iribe mwambo wodula riboni, ndipo mwina ndico cifukwa cace imaiwalika. Mseu wa Great East kucokera pa ulalo wa Luangwa kufika ku Mwami unacita kumangidwanso ndi thandizo la European Union ndi mabanki akunja. Sitingayembekeze kuti abwenzi amenewa adzabweranso tikaulekerera.

Mlimi wa ku Chadiza, Lundazi kapena Petauke nkhawa yace iri pa kamseu ka dothi kofika kumudzi. Kakaonongeka, feteleza afika mocedwa, ndipo wogula nshawa ndi thonje atsitsa mtengo ponena kuti galimoto yace yabvutika. Mu 2017 World Bank inabvomereza madola 200 miliyoni okonzera miseu yotere. Mu 2022 Boma linakweza thumba la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, ndipo makhonsolo ambiri anagula makina okonzera miseu. Mu 2023 mseu wa Lusaka ndi Ndola unapatsidwa kwa kampani yomanga ndi ndalama zace, kuti idzazibweze ndi msonkho wa pa zipata.

Njira imeneyi ipeputsa katundu wa Boma, koma phindu lace lidzaoneka pokha-pokha ngati ndalama zopulumukazo zipita ku nchito yosamalira. Makhonsolo nawonso akumbuke kuti gireda ifuna dizilo, woyendetsa wophunzira ndi zitsulo zosinthira. Zimenezi zilembedwe m'bajeti msanga, kuti makina alowe m'miseu ya kumidzi mvula ikangotha mu Epulo, malole onyamula cimanga asanayambe kuyenda.